"Otherwise" ya mu msewu si "otherwise" ya pa pepala

Imwe a ku Riverside, tamverani. Imani pa Jambo Drive pafupi na geti ya CBU mphindi zisanu chabe, mudzamva liwu limodzi kangapo: "Otherwise?" Mnzake ayankha, "Tili chabe, boyi." Apa ni moni basi. Ena amaliponya nkhani ikazizira kuti ayambe ina. Kulibe mlandu.

Koma liwu lomweli likalembedwa pa pepala, limavala jekete ina. Linachokera ku mawu awiri, "other" na "wise", ndipo "wise" ameneyu ni wachikale, atanthauza njira. Ndiye pamodzi ni "mwa njira ina", kapena "ngati si tero".

Tiyerekeze kuti alandilodi amata pepala pa chitseko: "Pay by the 5th, otherwise vacate." Sakukufunsani za umoyo iyayi. Akuti lipirani renti pofika pa 5, mukalephera longezani katundu. Chilichonse chobwera pambuyo pa "otherwise" ndiye chikwapu chake. Werengani mbali imeneyo kawiri.

Manje pali m'bale wake wochenjera, "unless otherwise stated". Uyu akuti lamulo ni ili, pokhapokha ngati pena pake palembedwa zosiyana. Pepala la nchito lingakambe kuti mumakomboka 17:00 "unless otherwise stated", ndiye pa tsamba lachitatu, mu tumalemba tung'ono, muli kuti pa Chisanu ni mpaka 20:00. Mukasaina osafika kumeneko, mwavomera kale. "Unless otherwise agreed" nayo ikuti zingasinthe ngati nonse awiri mwagwirizana, osati abwana okha.

Lamulo la nchito la mu 2019, Employment Code Act, likuti kontrakiti ya miyezi 6 kapena kuposa ifunika kulembedwa. Ni chitetezo chanu, koma pepala limateteza amene waliwerenga.

Ndiye mukaona liwu ili pa pepala la nyumba, la nchito kapena la nkhongole, funsani mafunso awiri. Nikapanda kuchita, chidzachitika ni chani? Nanga zosiyanazo zalembedwa pati? Uzani mwini pepala akuonetseni na chala. Akayamba kuzungulira, bolopeni ibwerere m'thumba.

Kufunsa si umbuli. Manyazi a mphindi imodzi ni otchipa kuposa kugona panja na matilesi pa mutu.

Otherwise, tionana sabata ya mawa.