Akuti khansa ya mwana sichira: ife tikukana

Pali mawu amene afala m'chigwa cha Luangwa. Amamveka pamsika wa ku Mfuwe, m'maminibasi opita ku Chipata, pamaliro ndi m'mauthenga a pafoni. Amati khansa ilibe mankhwala. Mwana akapezeka nayo musadzivute kupita naye ku Lusaka, mungomaliza mbuzi ndi chimanga kenako n'kubwerako ndi bokosi. Bola afere pakhomo, pakati pa abale ake. Ena amawonjezera kuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imakwiya n'kumwazikira thupi lonse. Onena mawuwa nthawi zambiri ndi anthu achifundo: agogo, amalume, anzathu a kumpingo. Amafuna kupulumutsa banja ku umphawi ndi mwana ku zowawa. Komabe mawuwa ndi olakwika, ndipo akuthandiza kupha ana amene akanachira.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti onenawo ali ndi umboni wa maso awo. Madokotala a ku University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka, mogwirizana ndi anzawo a ku Vanderbilt University ku America, anatsatira ana 162 amene anapezeka ndi khansa pachipatalacho pakati pa 2008 ndi 2010. Zotsatira zake zinatuluka mu 2014. Ana 13 okha ndi amene anamaliza mankhwala. Ana 75 anamwalira ali pamankhwala, ndipo 74 anasiyira panjira. Munthu amene anakhala m'mudzi zaka zimenezo, n'kumaona amene akupita ndi amene akubwerako, sitingamudabwe akamati khansa sichira.

Koma tiyeni tiziwerenge bwino nambalazi. Ana 74 aja mankhwala sanawakanike, mankhwalawo sanamalizidwe. Ndipo kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana ochokera kufupi ndi Lusaka sankasiya mankhwala kwambiri ngati ochokera kutali. Matenda anali amodzimodzi, madokotala omwewo, mankhwala omwewo. Chosiyana chinali msewu. Kuchoka ku Mfuwe kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 700, ndipo ambiri onena kuti khansa sichira amakhala akunena za msewu umenewu osadziwa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala khansa. M'maiko olemera ana opitirira 80 pa 100 alionse amachira. M'maiko ambiri osauka ochira safika 30 pa 100. Mwana wa kwa Kakumbi ku Mfuwe sanalengedwe ndi thupi lina losiyana ndi la mwana wa ku London. Mu 2018 WHO, pamodzi ndi chipatala cha St. Jude cha ku America, inakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse azichira, ndipo inasankha mitundu 6 ya khansa yoti ayambire chifukwa ndi yofala komanso yochizika. Mitundu itatu imene inachuluka m'kafukufuku wa ku Lusaka uja, khansa ya m'timitsempha toteteza thupi, ya impso ndi ya m'diso, yonse ili m'gulu limenelo.

Khansa imene anthu a m'chigwa chino ayenera kuidziwa bwino ndi ya Burkitt. Dzinali ndi la dokotala Denis Burkitt, amene mu 1958 ali ku Uganda analongosola za chotupa chimene chinkatupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 anayenda ulendo wautali pagalimoto m'zipatala za kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo za kuno, ndipo zinaoneka kuti matendawa amakonda malo otsika, otentha ndi achinyezi, kumene malungo sachoka. Pambuyo pake kunadziwika kuti malungo obwerezabwereza amathandizana ndi kachilombo kotchedwa Epstein-Barr poyambitsa khansayi. Aliyense wodziwa kutentha kwa Luangwa ndi udzudzu wake aona yekha kuti nkhaniyi ndi yathu. Chotupa cha Burkitt chimakula mofulumira kwambiri, mwina kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri; chimagwedeza mano, kutulutsa diso kapena kutupitsa mimba. Koma chimamvanso mankhwala msanga. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala anaonetsa kuti ndi mankhwala otsika mtengo, operekedwa kwa milungu yowerengeka, pafupifupi theka la ana amachira.

Msampha uli pomwepa. Mwana akalandira dripi yoyamba ya kemo (mankhwala opha khansa), chotupa chimaphwa m'masiku ochepa, amayamba kudya ndi kusewera. Mayi ake akaona choncho, kwinaku akuganiza za ana ena ndi munda umene wamera udzu, amanyamula katundu. Timbewu ta khansa totsala m'thupi timameranso, ndipo ulendo uno timakhala touma mutu. Mwanayo akamwalira, mudzi umati: tinanena, khansa imabwerera. Chimene chinachitika n'choti mankhwala anadukizidwa.

Za mpeni nazonso zili ndi chiyambi chake. Khansa ya impso imagwira makamaka ana osakwana zaka 5. Imaoneka ngati chotupa cholimba mbali imodzi ya mimba, kawirikawiri chosapweteka, ndipo kuno kumene malungo amatupitsa ana ambiri, anthu amangoti ndi kapamba, n'kutemera mphini. Miyezi imapita. Pofika ku Lusaka matenda amakhala atafika kale m'mapapo. Mwana akamwalira atachitidwa opaleshoni, mlandu umagwera mpeni, chonsecho khansa inali itayenda kale asanagone pa tebulo. Ikapezeka msanga, madokotala amayamba ndi kemo ya milungu ingapo kuti chotupa chichepe, kenako amachotsa impso yodwalayo, n'kupitiriza mankhwala. Munthu amakula ndi kukalamba ndi impso imodzi. Khansa ya m'diso nayo imayamba ngati kadontho koyera pakati pa diso la khanda, kowala usiku ngati diso la mphaka. Kuchotsa diso ndi nkhani yowawa kwa kholo lililonse, koma diso limenelo likachotsedwa nthawi ikadalipo, mwana amapulumuka n'kudzapita kusukulu. Kadulidwe ka kanyama kakang'ono kokapima nthawi zambiri sikafalitsa khansa; ndi njira yodziwira mtundu wake kuti aperekedwe mankhwala oyenera.

Palinso mawu ena, ochokera kwa ophunzira a m'tauni, amene tikuwakana chimodzimodzi. Iwo amati makolo akumudzi amathawa chipatala chifukwa cha umbuli ndi kukhulupirira ufiti. Oterewa ayambe ayenda ulendowu. Umayambira pa kiliniki ya Kakumbi, kumene chida chachikulu ndi chopimira malungo. Kuchoka apo kalata imakutumiza ku Kamoto, chipatala cha mishoni. A ku Kamoto akaona kuti zakula amakutumiza ku Chipata Central Hospital, ndipo a ku Chipata amakutumiza ku Lusaka, ku UTH ndi ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa chimene chinatsegulidwa mu 2007. Pamalo paliponse pali kudikira, pali ya basi, pali ya chakudya. Wodwazika, amene nthawi zambiri ndi mayi kapena agogo aakazi, amafika mumzinda umene sadziwamo munthu, n'kumagona pafupi ndi bedi la mwana amene akusanza, tsitsi likuthothoka, m'kamwa muli zilonda. Kumudzi kwatsala ana ang'onoang'ono, thonje lofuna kupopera, ndi chimanga chimene njovu sizichedwa nacho ngati palibe wolondera usiku. Bambo ngati amagwira ntchito kumalo ogona alendo a kumphepete kwa South Luangwa, malipiro ake amadalira nyengo ya alendo. Khansa ya m'magazi nthawi zambiri imafuna mankhwala a zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mayi amene wabwerera panjira sanasiye kukonda mwana wake. Ndalama zatha, mphamvu zatha, ndipo palibe amene anamulandira katundu.

Umboni woti thandizo limasintha zinthu ulipo. Kuyambira mu 2014, zipatala zingapo za ku Malawi, Ghana, Cameroon ndi Ethiopia zinagwirizana kuchiza khansa ya impso mofanana, komanso kuthandiza mabanja ndi chakudya, mtengo wa mankhwala ndi ndalama zoyendera. Osiya mankhwala panjira anatsika kuchoka pa 23 kufika pa 12 pa 100 alionse, ndipo ana omaliza mankhwala alibe chizindikiro cha matenda anachuluka kuchoka pa theka kufika pa awiri mwa atatu alionse. Sipanabwere mankhwala achilendo. Panabwera ya basi ndi phala.

Apa ndi pamene mudzi uyenera kudzifunsa. Kukagwa maliro sitichedwa: uthenga umafika kwa anyakwawa, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni, anyamata amakumba manda, mbale ya chipepeso imayenda, ndalama ya bokosi imapezeka tsiku lomwelo. Luso losonkhana tili nalo kale. Chimene tikupempha n'choti mbale imeneyo iyende mwana akadali moyo, tsiku limene kalata yopita ku Chipata yalembedwa. Magulu a chilimba, amayi a Chigwirizano, miphakati ya Akatolika ndi makomiti a zaumoyo m'midzi angathe kusunga kathumba ka ulendo wa wodwala, kokhala ndi mlembi ndi msungichuma odziwika, kuti banja lisagulitse mbewu ndi njinga mwadzidzidzi pamtengo wolira.

Thandizo lina silifuna ndalama. Amalume, monga eni mbumba, mawu awo ndi amene amatsegula kapena kutseka njira. Akati mwana apite, amapita. Agwiritse ntchito mphamvu imeneyo msanga, ndipo akonze zoti odwazika azisinthana, mayi apeze sabata yopuma ndi kuona ana ake ena. Anansi agawane mizere ya m'munda ndi usiku wolondera. Ana otsala pakhomo adye, apite kusukulu, ndipo auzidwe zoona molingana ndi msinkhu wawo, chifukwa nawonso amaopa. Pakhale wachibale mmodzi wodziwa kuwerenga amene asunge makalata onse a kuchipatala ndi masiku obwerera, ndalama ya ulendo wotsatira ikhale itasonkhedwa tsikulo lisanafike. Abale athanzi apereke magazi, chifukwa ana a pa kemo amawafuna kawirikawiri. Onse a pakhomo adziwe kuti mwana wa pa kemo akatentha thupi sayembekezera m'mawa: chitetezo chake chimakhala chofooka, ndipo ayenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo, wodwazika atanyamula makalata ake. Ku Lusaka kuli mabungwe monga Kayula Childhood Cancer Foundation amene amathandiza mabanja ochokera kutali ndi pogona. Wodwazika afunse anamwino ndi a zachisamaliro cha anthu pachipatala, asachite manyazi.

Tisiyenso kusaka wolakwa. Mwana akatupa, ena amathamangira kunena za tsempho, kuti bambo kapena mayi anayenda njira zosayenera. Ena amaloza chala gogo wina wa m'mudzi. Mabanja amapasuka nthawi imene amafunika kugwirana. Khansa zambiri za ana sizibwera chifukwa cha chimene kholo linachita kapena kulephera kuchita, ndipo khansa sipatsirana: mwana wodwala angathe kudyera mbale imodzi ndi anzake. Abusa apemphere, ndipo mapemphero amalimbitsa mtima wa wodwazika, koma m'busa wouza banja kuti litaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro akusenza mlandu waukulu. Asing'anga nawo, amene ambiri amayamba kufikako, akaona chotupa chimene chikukulirakulira, diso loyera pakati, kapena mwana wosowa magazi amene thupi likutentha kosalekeza pamene malungo sakupezeka, amutumize kuchipatala tsiku lomwelo.

Sitikunama kuti mwana aliyense adzachira. Ena amafika matenda atapitirira, ndipo khansa zina n'zovuta ngakhale kumaiko olemera. Madokotala akanena kuti zochiza zatha, kubwera ndi mwana kumudzi si kuthawa ndipo si kugonja. Pamenepo pamafunika mankhwala amphamvu oletsa ululu, amene banja lili ndi ufulu wowapempha, ndi abale osatopa kubwera kudzakhala nawo. Koma chigamulo chimenecho chibwere mwana atapimidwa ndi odziwa, osati pabwalo la mudzi asanakwere basi.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Zambia ili m'gulu la maiko 6 oyamba, pamodzi ndi Ecuador, Jordan, Mongolia, Nepal ndi Uzbekistan, amene anasankhidwa kulandira mankhwala a khansa ya ana kudzera m'ndondomeko ya WHO ndi St. Jude imene inayamba kutumiza mankhwala mu 2025. Ndi nkhani yabwino, koma mankhwala okhala m'kabati ku Lusaka sachiza mwana amene walephera kuchoka ku Mfuwe. Tikupempha khonsolo ya Mambwe, phungu wa Malambo, Mfumu Kakumbi ndi mafumu anzawo a Chikunda, komanso eni malo ogona alendo amene amathandiza kale sukulu ndi zipatala za m'chigwachi, kuti akhale pansi apeze njira yolipirira ulendo wa mwana aliyense wotumizidwa ku Lusaka, kupita ndi kubwerera, mpaka mankhwala atatha. Anamwino ndi azaumoyo a m'makiliniki aphunzitsidwe zizindikiro zoyambirira, ndipo pakhale munthu wodziwika woimbira foni banja limene laphonya tsiku lobwerera. Zimenezi zikachitika, m'midzi yathu mudzakhala anyamata ndi atsikana amene anadwala khansa n'kuchira, ndipo iwowo ndi amene adzayankhe bwino kuposa mkonzi aliyense.