Maoda atatu, phukusi limodzi

Munthu wa ku Monkey Bay akagula katundu pa intaneti, mtengo umene wauona pafoni si umene amathera nawo. Pamwamba pake pamabwera ndalama yotumizira. Ogulitsa ambiri a pa WhatsApp ndi Facebook ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, choncho katundu amayenera kudzera ku Golomoti, kapena kuzungulira ku Liwonde n'kufika pa boma la Mangochi, pomwe amatsala ndi makilomita ena pafupifupi 60 kuti aone doko la Monkey Bay. Wa ku Chembe amaonjezeranso ya njinga yamoto kuti akamutenge. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta n'kumakwera komanso kusowa m'malo omwetsera, ulendo wa katoni wasanduka gawo lalikulu la mtengo wa chinthu.

Tiyerekeze mayi amene Lolemba waitanitsa nsapato za mwana wa sukulu. Lachiwiri waona chitenje chokongola pa sitetasi ya wogulitsa yemweyo, waitanitsanso. Lachitatu wakumbukira nyali ya sola. Kwa mayiyu ndi katundu wake yense, wochokera m'sitolo imodzi, wopita pakhomo limodzi. Koma m'kaundula wa wogulitsa muli maoda atatu, ndipo pakapanda wolankhulapo, mapaketi atatu adzanyamuka masiku atatu osiyana, lililonse ndi ndalama yake yotumizira. Makampani onyamula katundu komanso makondakitala a basi amawerengera phukusi, kukula kwake ndi kulemera kwake, ndipo ngakhale kanthu kakhale kopepuka ngati nthenga pamakhala mtengo woyambira umene sutsika. Zinthu zitatu zazing'ono m'katoni imodzi zimalipitsa mocheperapo kusiyana ndi zomwezo zitayenda padera. Nkhani yonse ya kuphatikiza maoda yagona pamenepa.

Nanga bwanji ogulitsa ena amazengereza mukawapempha? Si nthawi zonse pamene amakhala akufuna kukudyerani. Oda iliyonse ikalowa imakhala ndi nambala yake, malipiro ake pa Airtel Money kapena TNM Mpamba okhala ndi nambala yawo ya uthenga, ndipo chinthu chogulidwacho chimachotsedwa pa chiwerengero cha katundu wotsala. Amene ali ndi sitolo yeniyeni ya pa intaneti, yomangidwa pa mapulogalamu monga Shopify kapena WooCommerce, amapeza kuti mapulogalamuwa anapangidwa kuti oda iliyonse iziyenda payokha, moti kuti aphatikize ayenera kuikamo pulogalamu ina yothandizira kapena kuchita pamanja. Kuchita pamanja ndi kumene zolakwika zimalowera: wafufuta maoda awiri, walemba imodzi yatsopano, koma malipiro atatu aja akulozabe ku manambala amene kulibenso. Pakutha pa mwezi mabuku sakugwirizana, ndipo wogula akabwera kudzadandaula kuti nyali siyaka, palibe chosonyeza kuti anaigula liti.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. China ndi kuika katundu m'phukusi limodzi. China ndi kufafaniza maoda m'kaundula kuti aoneke ngati inali imodzi. Choyambacho ndicho wogula amafuna. Chachiwiricho sichimupindulira kanthu, ndipo chimamulanda umboni. Wogulitsa wanzeru amasiya manambala onse atatu momwe alili, n'kulemba pa katoni ndi pa risiti kuti muli oda iyi, iyi ndi iyi, kenaka n'kutumiza chithunzi cha katunduyo asanamate katoni. Lamulo la mu 2016 loona za malonda ndi mauthenga a pa makina, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limavomereza mauthenga oterewa ngati umboni, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma dandaulo lopanda nambala ya malipiro silipita patali. Musamafufute mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money katundu asanafike m'manja mwanu.

Ndalama yotumizira nayo iyenera kukambidwa poyera. Ngati mayi uja analipira ya katatu ndipo katundu wayenda kamodzi, yotsalayo ndi yake. Abwezeredwe, kapena auzidwe kuti yasungidwa kuti idzagwire ntchito pa oda yotsatira, iye atavomera. Wogulitsa amene amaphatikiza mwakachetechete n'kuika yotsalayo m'thumba akudula nthambi imene wakhalapo, chifukwa ku Monkey Bay anthu amadziwana, ndipo dzina la sitolo limayenda msanga m'magulu a WhatsApp a aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito padoko kuposa katundu amene.

Komatu kuphatikiza kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndi nthawi. Katoni singanyamuke mpaka chinthu chomaliza chitapezeka. Ngati nyali ya sola ikudikira katundu wochokera ku Dar es Salaam, nsapato za mwana zidikira nawo, pomwe sukulu ikutsegulidwa Lolemba. N'chifukwa chake ganizoli liyenera kukhala la wogula. Wogulitsa afunse: tidikire kapena titumiziretu zomwe zilipo? Ngakhale kampani yaikulu ya Amazon, itayambitsa njira yotchedwa Amazon Day mu 2019, inasiyira kasitomala kusankha tsiku limodzi pa sabata loti katundu wake yense azifika pamodzi, sinamukakamize.

Ogula ochokera kutsidya kwa madzi ndiwo amaidziwa bwino nkhani ya nthawiyi. Sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951 ndipo kwawo ndi padoko la Monkey Bay, mwachizolowezi imanyamuka Lachisanu kulowera kumpoto, kudzera ku Likoma ndi Chizumulu mpaka ku Chilumba. Katundu wophonya ulendo umenewo amagona sabata yathunthu. Kwa munthu wa pachilumba, wogulitsa amene amadziwa tsiku la sitima n'kusonkhanitsa maoda onse kuti afike padoko Lachinayi ndi wamtengo wapatali kuposa amene amatsitsako kangachepe pa mtengo wa chitenje.

Amalonda oitanitsa katundu ku China anaiphunzira kalekale njira yophatikiza katunduyi. Amagula kwa ogulitsa osiyanasiyana, zonse n'kukaunjikidwa m'nyumba yosungira katundu ya ejenti ku Guangzhou kapena ku Yiwu, komwe amazimanga pamodzi n'kulipitsa pa kilogalamu ngati zikubwera pandege, kapena potengera malo amene zatenga m'kontena ngati zikubwera pa sitima. Kumeneko kulinso phunziro lina: si zonse zimene zimaloledwa kuyendera limodzi. Mabatire ndi zamadzimadzi zili ndi malamulo ake pandege, ndipo chinthu chimodzi chotere chingachedwetse katoni yonse.

Tisaiwale kuti Monkey Bay imagulitsanso. Amayi ambiri a m'mbali mwa nyanja amalandira maoda a usipa, utaka ndi chambo chowamba pafoni kuchokera kwa makasitomala a m'tauni, n'kutumiza pa basi. Kwa iwo kuphatikiza kumapita patsogolo pang'ono: anthu anayi a muofesi imodzi ku Lilongwe akhoza kulandira katoni imodzi, n'kugawana ya mayendedwe. Apa m'pofunika kumanga ka aliyense pakokha ndi dzina lake, ndi kugwirizana kuti wokalandira kudepoti ndani, chifukwa katoni ikasochera asowa chakudya ndi anthu anayi, osati mmodzi. Nsomba yaiwisi ya pa ayezi isadikire inzake. Iyo inyamuke tsiku lomwelo. Ndipo amene amagulitsa nsomba ndi zitenje pa foni imodzi, monga achitira ambiri, asayesere n'komwe kuziika m'katoni imodzi, ngakhale kasitomala atachonderera kuti ya transipoti yamuchepera. Chitenje chogona usiku umodzi pafupi ndi usipa wouma m'buti ya basi chimafuna kuchapidwa kangapo chisanavalidwe ku ukwati.