Bulu akatsimphina, mmasuleni pangolo

Alimi anzanga, nyengo yokolola ino ngolo zikuchita kupikisana m'misewu ya ku Mitundu ndi ku Chimbiya. Koma chondidandaulitsa ine ndi kuona bulu wotsimphina akukoka matumba a chimanga, chikwapu chili pamsana.

Bulu ndi nyama yobisa ululu. Mukaona wayamba kutsimphina, dziwani kuti zafika povuta. Mmasuleni tsiku lomwelo.

Choyamba nyamulani mwendo muone kunsi kwa chiboda, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala kamwala, minga kapena msomali. Tsukani bala ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono, m'mawa ndi madzulo. Chonde lekani kuthira oyilo wakuda wa galimoto pabala. Ameneyo si mankhwala. Mwendo ukatupa, uthireni madzi ozizira. Mukapeza msomali kapena mafinya, thamangirani kwa alangizi a ziweto, poti bala lotere limabweretsa kafumbata, matenda amene bulu sapulumuka kawirikawiri.

Wodwalayo agone m'khola louma, lopanda matope, udzu ndi madzi zili pafupi. Akayamba kuponda bwino, muziyenda naye pang'onopang'ono wopanda katundu. Mtsempha wovulala umatenga miyezi kuti upole, ndipo chiboda chimatha pafupifupi chaka kuti chiphuke chonse.

Ena mudzati, nanga ganyu wa ngolo adzipita? Ine ndikuti apite. Ndalama ya maulendo awiri siingagule bulu wina. Kubwereka wa mnansi n'kwabwino kusiyana n'kulumaza wanu mpaka kalekale. Paja akulu anati kuthamanga sikufika.