ZA M'BANJA: Asungwana Athu ndi Ntchito ya Zitsulo



Mwezi uno tifuna kukamba nanu mlandu umene wayamba kuvuta m'mabanja. Msungwana watsiriza sukulu, ndipo pomfunsa chimene afuna kuchita, satchula unamwino kapena uphunzitsi monga tidazolowera, koma ati afuna kuphunzira za magetsi, kapena kuwotcherera zitsulo, kapena kukonza injini. Atate ake adabwa, amayi ake achita manyazi, atsibweni ake apukusa mutu. Kodi mwanayo wasokera? Ife titi iyayi. Mloleni apite, koma mumtumize mwanzeru.

Ntchito ili pakhomo pathu pomwe

Tayang'anani pa Mkanda tsiku la msika. Pali njinga zamoto za akabaza, zigayo, makina oswera mtedza, ngolo zothyoka mpini, ndi magetsi a dzuwa pa madenga. Zonsezi zimafa. Zikafa, ndipo mmisiri wodziwa akasowa pafupi, mwini wake ayenda ulendo wa ku Boma, ku Lilongwe, kapena kutsidya kwa malire ku Chipata, ndalama za fodya ndi soya nizithera m'njira.

Ganizaninso za mjigo. Ukafa, abwerera kudambo ndi ndowa pamutu ndani? Si amayi ndi asungwana kodi? Mijigo yambiri ya m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev, umene chiyambi chake chidali m'Malawi mommuno m'zaka za m'ma 1980. Amisiri adaupanga dala kuti anthu a pamudzi athe kuutsegula ndi sipanala imodzi, kuzula ndodo zake, ndi kusintha timphira takutha. Kawirikawiri chimene chafa ndi kamphira kakang'ono basi. Koma mudzi ungathe miyezi ukumwa madzi oipa, ana natsegula m'mimba, chifukwa cha kamphira kameneko. Nanga n'chifukwa ninji iye amene amva kulemera kwa ndowa asadziwe za m'kati mwa mjigo?

“Imeneyo ndi ntchito ya amuna”

Ambiri atero, ndipo tidziwa kumene mawuwa adachokera. Makolo athu akale posungunula chitsulo m'ng'anjo sankalola akazi kuyandikira, ndipo kusula makasu ndi nkhwangwa kudali kwa amuna. Koma ng'anjozo zidazima kalekale, ndipo zoletsa zake zidazima nazo pamodzi. Kumbukiraninso kuti m'midzi yomweyo oumba mbiya adali akazi. Iwo ndiwo ankadziwa dothi loyenera, muyeso wa madzi, ndi ukali wa moto wosang'ambitsa mphika. Umenewo udali umisiri weniweni. Mulungu pogawa nzeru sadapatule zina kuti zikhale za amuna okha, ndipo adzatifunsa tonse, amuna ndi akazi, chimene tidachita nayo mphatso yake.

Ena ati msungwana alibe mphamvu. Kodi iye amene asenza malita 20 a madzi pamutu, nalima mizere kufikira dzuwa lili paliwombo, alephere kukweza sipanala? Ntchito zimenezi zifuna maso akuthwa, masamu, ndi kudekha, koposa minofu. Ku New York kuli mlatho waukulu wa Brooklyn umene udatsegulidwa mu 1883. Injiniya wake atadwala osathanso kutuluka m'nyumba, mkazi wake Emily Roebling adaphunzira za ntchitoyo, nakhala pakati pa iye ndi amisiri zaka zoposa khumi kufikira mlatho udatha. Ndiponso amayi ena a m'midzi ya Malawi, osapita patali ndi sukulu, adakhala miyezi 6 ku Barefoot College ku India, nabwerako akudziwa kulumikiza ndi kukonza magetsi a dzuwa.

Enanso ati sadzakwatiwa. Mnyamata amene athawa mkazi chifukwa adziwa ntchito, sakadakhala mkamwini wabwino ndi kale lomwe. Ukwati ndi Sakramenti loyera, si pothawira njala ayi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lathu aletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ndipo onani: msungwana wongokhala pakhomo wopanda chochita ndiye amene anyengedwa msanga ndi anthu olonjeza ntchito kutsidya kwa malire. Koma waluso m'manja, ngakhale tsoka limgwere nakhala wamasiye, ana ake sagona ndi njala.

Njira yake

Mu 1999 boma lidakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Bungweli limalengeza malo a ophunzira, ndipo wosankhidwa amaphunzira mbali ziwiri mosinthana: nthawi ina m'kalasi, nthawi ina pantchito penipeni pansi pa mmisiri. Sukulu zake zina sizili kutali: Namitete Technical College ili pa msewu wathu wa ku Lilongwe, mumzindamo muli Lilongwe Technical College, ndi sukulu ya Don Bosco ku Area 23 imene ayendetsa ansembe a chipani cha Salesian. Kuyambira 2015 boma latsegulanso makoleji aang'ono m'maboma. Wokhoza kwambiri angafike ku MUBAS ku Blantyre, imene kale tinkaitcha Polytechnic, nakhala injiniya.

Koma mmera mpoyamba. Khomo la zonsezi ndi masamu ndi sayansi. Ngati madzulo mlongo wake ali pa buku, iye ali pa mtondo ndi pa moto tsiku ndi tsiku, mwamtsekera khomo inu nomwe. Gawani ntchito za pakhomo molungama.

Mantha amene ali oona

Alipo mantha amodzi amene sitiwapeputsa. Mwana wamkazi apita kutali, akhala pakati pa amuna ambiri, ndipo chizindikiro chake cha kukhoza chili m'manja mwa bwana. Alipo mabwana oipa amene asandutsa wophunzira wantchito wophika tiyi ndi kusesa, ndipo ena oipitsitsa amene afuna kumchimwitsa. Pamenepa atiphunzitse Yohane Bosco Woyera. Ku Turin, mu 1851 ndi 1852, iye popereka anyamata ake kwa amisiri ankalembetsa chipangano, nasainapo iye mwini. Mmisiri ankalonjeza kuphunzitsa mwanayo ntchito yeniyeni osamtuma zina, kumdzudzula ndi mawu osati ndi ndodo, kumpumitsa Lamulungu ndi masiku a chikondwerero, ndi kumlipira mowonjezera akamakula m'luso. Pambuyo pake Woyerayo ankapita kukawaona kuntchito kwawo. Chimene iye adachitira anyamata, ife tichitire asungwana athu.

Choyamba, atate kapena atsibweni aperekeze mwanayo, aonane maso ndi maso ndi mmisiri, kuti adziwe kuti mwanayu ali ndi eni ake.

Chachiwiri, ngati aphunzira kwa mmisiri wa pamsika, pakhale chipangano cholembedwa pamaso pa mboni: ntchito imene adzaphunzira, miyezi yake, nthawi yoweruka, ndi malipiro.

Chachitatu, dziwani kumene agona. Mumfunire banja lachikhristu kapena nyumba yogona asungwana okhaokha, ndipo atenge kalata ya kwa Bambo Mfumu yomdziwitsa ku parishi ya kumeneko.

Chachinayi, musamtumize chimanjamanja. Ovolosi, nsapato zolimba, magalasi otchinjiriza maso powotcherera, ndi ndalama ya chakudya, zimenezi zimtchinjiriza ku ngozi ndi ku mphatso za anthu achinyengo.

Chachisanu, akadandaula, mumvereni. Musathamangire kumuyesa wolakwa. Mlandu wotere upite kwa akulu a sukulu, ndipo ukakhala waukulu, ku polisi.

Kwa inu asungwana amene mwayamba kale

Musachite manyazi ndi girisi m'manja mwanu. Manja a Ambuye Yesu adali ndi zipsera za ntchito ya ku Nazarete asanalandire za pa mtanda. Fikani pantchito m'mawa, funsani chimene simudziwa, pakuti safunsa adadya phula. Musabe chitsulo cha mwini, musanamize mlimi kuti chafa chimene sichidafe. Mukabwera kutchuthi, musadzitukumule. Pitani ku sukulu imene mudaphunzira ndi ku msonkhano wa achinyamata, tsegulani mjigo kapena nyale ya dzuwa ang'ono anu akuona, muwagwiritse sipanala. Mwana sakhumba ntchito imene sadaonepo mnzake akuigwira. Aliyense wa inu akoke mmodzi.

M'mwezi uno, pa mapemphero a madzulo, banja lililonse litchule maina a ana ake ophunzira ntchito, aamuna ndi aakazi omwe, ndi kuwapereka kwa Yosefe Woyera mmisiri, amene Papa Pius XII mu 1955 adamuikira chikondwerero cha pa 1 Meyi kuti akhale nkhoswe ya antchito onse. Amayi Maria awasunge m'njira zawo.

Tsalani bwino mwa Ambuye.