Matimati ndi Nzimbe ku Nsambe

Mlimi wa ku Nsambe, m'mapiri a Neno, ayenera kuganizira za msewu asanafese mbewu. Matimati ali ngati khanda. Afuna nazale, kuthirira, kuzikira timitengo, kuthyola mphukira ndi kupopera mankhwala a chiwawu. Pakatha miyezi itatu chiwokereni amapsa, koma akapsa sadikira munthu. Galimoto ikalephera kukwera mapiriwo, amaolera m'dengu.

Nzimbe, zobzalidwa ndi zidutswa za phesi m'dothi lachinyontho, zimatenga chaka chathunthu, komabe zikakhwima zimaima m'munda kuyembekeza wogula.

Motero mlimi wanzeru asaike mtima wonse pa matimati. Abzalenso nzimbe m'mphepete mwa dimba, kuti matimati akamgwiritsa mwala, ndalama za sukulu ya mwana zisasoŵe.