Tiphunzire Ciani kwa Ballantyne?

Anzanga ndi aphunzitsi athu, ena a inu munawerengapo The Coral Island, nkhani ya anyamata atatu amene combo cao cinasweka panyanja. Mlembi wace, Robert Ballantyne, anabadwira ku Edinburgh mu 1825. Ali ndi zaka 16 anapita ku Canada kukagwira nchito m'kampani ya Hudson's Bay yogula zikopa za nyama, ndipo makalata amene ankalembera amai ace ndiwo anamzoloweretsa kulemba.

Buku lija linaturuka mu 1857, koma mwini wace zisumbu za kumeneko anali asanazipondepo. Motero analakwitsa pofotokoza cigoba ca kokonati. Colakwaco cinamuwawa, natsimikiza mtima kuti aziyamba waona ndi maso asanalembe. Anakagona m'nsanja ya nyali yocenjeza zombo ya Bell Rock, anakhala ndi ozimitsa moto a ku London, nalowanso m'migodi ya ku Cornwall.

Koma pa za ife lamulo laceli sanalisunge. Mu 1873, caka cimene anamwalira Livingstone, anaturutsa Black Ivory, nkhani ya malonda a akapolo ca ku Zambezi, m'mene mulinso Amang'anja. Colinga cace cinali cabwino, pakuti anadana nao ukapolo. Koma kuno anali asanafike. Anangotola za m'mabuku a azungu anzace. Cotero otsogolera nkhaniyo ndi azungu awiri, ndipo wakuda angodikira womuombola.

Ena anganene kuti mabuku otere tiwataye. Ine nditi ai. Tiwawerenge ndithu, pakuti mkuluyu ankadziwa kugwira mtima wa mwana, koma lamulo lija tilisunge koposa mwini wace. Akuru anati fodya wako ndiye ali pamphuno. Ndani adziwa kusoka fodya ndi kumpacika m'cigafa koposa mwana wa ku Lifupa? Ndani wina anacezera usiku kupirikitsa njobvu m'munda wa cimanga? Nanga za nkhondo ya Mwase ndi azungu ya mu 1895, zimene agogo athu anamva kwa makolo ao, adzalemba ndani agogowo akapita?

Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo m'cinenero cathu. Ifenso titenge kope, tikakhale pansi ndi agogo pa cuti cino cirimwe.

Wa Fomu 3