Mfuti ya Golide ku Miami

Pa 23 Disembala 2019, apolisi atatsinidwa khutu, anachita chipikisheni m'ndege yomwe inatera pabwalo la Opa-locka ku Miami. M'chikwama cha Lil Wayne, woimba wotchuka uja, anapezamo mfuti yokutidwa ndi golide, muli zipolopolo. Mwiniwake anati inali mphatso chabe.

Lamulo la ku Amereka la 1968 limaletsa aliyense amene anapezekapo wolakwa pamlandu waukulu kusunga mfuti. Mkuluyu anali atavomera kale mlandu wa mfuti ku New York mu 2009, napika ndende miyezi 8 ku Rikers Island. Mu Disembala 2020 anavomeranso kulakwa, ndipo chilango chikadatha kufika zaka 10.

Koma mu Januwale 2021 Pulezidenti Donald Trump, pochoka pampando, anamukhululukira. Mphamvu yotere malamulo amampatsa, sitikukana. Chotidandaulitsa n'chakuti anthu zikwizikwi m'dzikomo amamangidwa chaka ndi chaka pamlandu womwewu, osauka opanda wowalankhulira, pamene woimbayu anali atajambulitsa ndi Pulezidentiyo namutamanda poyera chisankho cha 2020 chitatsala masiku ochepa.